Kodi nesi angatulutse wodwala wa opaleshoni osadikira dokotala?

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu ogwira ntchito m'chipatala, ndipo musanditenge ngati ndabwera kudzanyoza. Malume anga anawachita opaleshoni ya henia Lachinayi m'mawa pachipatala cha boma kwathu kuno. Lachisanu pa raundi adokotala anaona bala, anati "zili bwino, tionana mawa, mwina mutuluka." Mawa lakelo linali Loweruka. Sanabwere. Lamulungu, zii. Malume akudya nsima, akupita okha kubafa, mpaka kumakaothera dzuwa panja n'kumakangana ndi alonda za mpira. Ndinakafunsa a nesi, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti "bambo, inenso ndikuona kuti ali bwino, koma m'fayilo simunalembedwe, sindingawatulutse." Tatuluka lero Lolemba cha m'ma 2 koloko masana. Akazi awo agona pasimenti masiku onsewa, ufa unatha, makala tagula kawiri. Pakhonde panali mnyamata wothyoka mwendo, pamatiresi pansi, kudikira bedi lomwelo. Kodi n'chiyani chimaletsa nesi, amene wakhala ndi wodwala usana ndi usiku, kunena kuti pitani kwanu?

Mlamu wa Onse: Mwachita mwayi mwatuluka Lolemba. Likanakhala holide mukanakwanitsa sabata.

NaJere ku England: Pepani a Bambo a Tadala, malume achire msanga. Zimene mukufunsazo kuno zilipo, ndipo si za lero. Mu NHS Plan ya 2000, ndondomeko ya boma yokonza zipatala za kuno, anatchula ntchito 10 zoti anamwino azigwira, ndipo imodzi inali kugoneka ndi kutulutsa odwala a matenda ena osankhika potsatira ndondomeko yogwirizana. Mu 2004 unduna wa zaumoyo wa kuno unatulutsa malangizo ena, m'menemo anati odwala osachepera 80 mwa 100 alionse kutuluka kwawo n'kosavuta: akubwerera kunyumba kwawo, ndipo safuna chisamaliro chapadera. Poyamba ankati nurse-led discharge (kutulutsa kotsogozedwa ndi nesi), tsopano ambiri akuti criteria-led discharge (kutulutsa potsatira mfundo zolembedwa), chifukwa ngakhale a physio ndi ena ophunzitsidwa amatha kutulutsa.

Koma anthu amamva molakwika. Si kuti nesi wadzuka n'kuona nkhope ya wodwala ikuwala ndiye wati nyamukani. Dokotala wamkulu amene wachita opaleshoni ndiye amalemba mfundo, nthawi zambiri tsiku la opaleshoni lomwelo kapena pa raundi yotsatira. Mwachitsanzo kwa munthu ngati malume anuwo angalembe kuti: wataya madzi yekha popanda vuto, wadya ndi kumwa osasanza, wayenda, ululu ukumvera mankhwala akumwa osati jakisoni, bala silikukha magazi, thupi silinatenthe. Zikakwanira zonsezo, ine ndimasaina, wodwala n'kumapita, kaya ndi Loweruka kaya ndi Khirisimasi. Ikalephera imodzi yokha sindiyesa n'komwe, ndimaitana dokotala. Mankhwala okamwera kunyumba amakhala atalembedwa kale, kalata yopita kwa GP, dokotala wake wa kudera kwawo, ilinso tayale.

Mlamu wa Onse: Ndiye kuti dokotala watulutsa kale, inu mwangotsekula chitseko.

NaJere ku England: Alamu, mwayandikira koma simunafike. Mphamvu yanga yeniyeni ili pokana. Mwezi wathawu ndinali ndi mayi wina amene anamuchotsa ndulu pa opaleshoni ya timabowo. Mfundo zonse zinakwana, zovala atavala kale, mwana wake akudikira pansi ndi galimoto. Koma ankangogwira pamimba, thukuta pamphumi, ndipo mtima umene m'mawa unkagunda ka 78 unali pa 104. Pepala linkati apite. Ine ndinati mayi, khalani kaye pansi. Anakwiya nane kwambiri. Dokotala atabwera anamugonekanso. Pepalalo limakupatsa chilolezo chotulutsa, silikulamula kutulutsa.

Kilinikala wa pa Boma: Ndalowa mochedwa, ndinali ku fiyeta. A Bambo a Tadala, ndikupepesa m'malo mwa mnzangayo ngakhale sindikumudziwa. Ndifotokoze mmene Loweruka limakhalira pachipatala cha boma, osati podzitchinjiriza. Amene ali pa kolo ndi mmodzi. Yemweyo akuitanidwa ku mateniti kukachita siza, akutuluka apeza ngozi ya kabaza, asanasambe m'manja mwana wakomoka ku wodi ya ana. Munthu amene ali bwino ndiye amakhala womaliza kuonedwa, chifukwa sakufa. N'zowawa koma ndi momwemo.

Za henia, lipoma (chotupa cha mafuta), phudzi, kuchotsa mafinya pachithupsa, ine sindikuonapo vuto. Ndingasangalale kumene. Pamene ndikuopa ndi pa mimba yotsekulidwa. Kuno timalandira ambiri opotokola matumbo, ena oboola matumbo chifukwa cha taifodi. Ukadula thumbo n'kulumikiza, polumikizapo pakafuna kutayikira sipaonetsa tsiku loyamba ayi. Pamadzaonetsa cha pa tsiku lachisanu mpaka lachisanu ndi chiwiri, munthu atayamba kale kumwa phala, ataphwisa, abale akuthokoza Mulungu. Woteroyo sindingamulembere mfundo zinayi n'kuchokapo. Ndimafuna ndimugwire mimba ndi dzanja langa.

NaJere ku England: Apo sitikutsutsana achimwene. Kunonso si wodwala aliyense amalowa m'ndondomekoyi. Dokotala amasankha. Amene opaleshoni yake inavuta, kapena ali ndi matenda ena ambiri, amalembedwa kuti aonedwe ndi dokotala asanatuluke. Komatu odwala anu a matumbowo mungawaone bwino ngati simukutaya ola lathunthu pa raundi kusainira anthu 8 amene achira kale.

Nesi wa Usiku: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma a NaJere ndiloleni ndikufunseni. Pa shifiti mumakhala ndi odwala angati? Ine usiku wathawu ndinali ndekha ndi odwala 54, wothandizira mmodzi, ndi mwana wasukulu amene sanaikepo kanyula chibadwire. Makina a BP ndi amodzi, timabwerekana ndi wodi ya amayi, mabatire timagula tokha. Inu mukuti thupi silinatenthe kwa maola 24. Ndani wayeza maola 24 amenewo? Pa tchati pali manambala a m'mawa ndi a madzulo basi, mwinanso a madzulowo palibe.

Chachiwiri. Lero wodwala akatuluka n'kukafera kunyumba, funso limapita kwa amene anasaina. Mawa siginecha ikakhala yanga, ndani adzaima nane pamaso pa Nurses and Midwives Council? Kilinikala adzati ine ndinalemba mfundo, iye ndiye sanayeze bwino. Ntchito iwonjezeke, mlandu uwonjezeke, malipiro akhale omwewo? Walira mvula walira matope. Ine mvula imeneyi sindinaiitane.

Wophunzira Chaka Chachitatu: A sisita, za mwana wasukuluyo mwatilasa tonse 😭

Nesi wa Usiku: Pepa mwanawe, nanenso ndinayambira pomwepo.

NaJere ku England: Achemwali, sindikunamizani, odwala anga masana amakhala 7 kapena 8, ndipo timadandaula kuti achuluka. Kuyeza timatsata NEWS2: kapumidwe, mpweya wa m'magazi, BP, kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi ndi kutsitsimuka kwa munthu, zonse zimasanduka nambala imodzi, ikafika 5 dokotala ayenera kubwera msanga. Popanda kuyeza koteroko mfundo zija ndi mawu chabe, apo mwanena zoona. Za mlandu, kuno wodwala amakhalabe m'dzina la consultant, dokotala wamkulu uja, mpaka watuluka, chipatala chili ndi lamulo lolembedwa, ndipo sungayambe kutulutsa usanaphunzitsidwe ndi kuyesedwa. Nesi wongoyamba kumene ntchito sapatsidwa. Ndikatsata pepala monga lalembedwera, chipatala chimaima nane. Ndikadumpha mfundo, pamenepo ndili ndekha ndi NMC, bungwe loyang'anira anamwino kuno.

Gogo Metironi: Ana anga, ndapuma ntchito kalekale koma nkhani iyi yandidzutsa. Mukukamba ngati n'zachilendo zochokera ku Ulaya, chonsecho takhala tikuchita mwakabisira zaka zonsezi. Ndani wa inu sanaonepo m'fayilo mutalembedwa "home tomorrow if stable", kutanthauza kuti apite kwawo mawa ngati wakhazikika? Kodi amene amaweruza kuti stable ndani? Si nesi? Vuto ndi liwu limenelo. Stable ya ine si stable ya mwana amene wamaliza sukulu chaka chatha. Wina amaona stable poti wodwala wamwetulira. Wina amaopa, n'kumusunga mpaka Lolemba ngati malume a bambowa. Chimene achita anzathuwo n'kungochotsa liwu limodzi losamveka n'kuikapo zinthu zisanu zoti munthu angathe kuziona ndi kuziwerenga.

Komanso tisadzichepetse. Mayi akachira bwinobwino ku mateniti amamutulutsa ndani? Mzamba. Pa helefu senta pamene palibe dokotala amatulutsa ndani? Ma ARV aja, poyamba ankati woyambitsa akhale dokotala kapena kilinikala. Anamwino ataphunzitsidwa n'kupatsidwa malangizo omveka anayamba kuyambitsa okha, ndipo Option B+, ndondomeko yoyambitsa ma ARV amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV, itabwera mu 2011 amayi oyembekezera ambiri anayambira mankhwala m'manja mwa anamwino ku sikelo. Dziko silinagwe. Koma taonani chimene chinatsogola: malangizo olembedwa a unduna, maphunziro, kaundula, ndi oyang'anira obwera kudzaona. Sanangoti kuyambira mawa muzichita.

Mwana wanga wa usiku, mantha ako ndi oona. Usadzalole kusaina chinthu chimene sichinalembedwe ngati lamulo la chipatala.

Chatsalira Fodya: Inu mukufuna kupatsa mphamvu anthu amene amatikalipira kale popanda mphamvu? Manesi ena angoona kuti wodi yadzaza azithamangitsa anthu kuti agone bwino usiku. Kapenanso bedi lizigulitsidwa.

Nesi wa Usiku: Bwerani mudzagone nafe usiku umodzi, mudzaone kugona bwino kumene mukunenako.

Chatsalira Fodya: Ine ndanena "ena".

Admin: Abale, tiyeni tikhale pa mutu. A Chatsalira, nkhawa yanu yoti munthu angatulutsidwe asanachire chifukwa cha kusowa kwa mabedi ndi yomveka, ifunseni popanda kunyoza. Wotchula dzina la chipatala kapena la munthu pa dandaulo, uthenga wake ndichotsa.

NaJere ku England: Ndiyankheko pang'ono, chifukwa a Chatsalira akhudza chilonda chenicheni ngakhale achikhudza ndi chikhadabo. Kuno m'nyengo yozizira foni imalira m'mawa uliwonse, oyang'anira mabedi akufunsa kuti mutulutsa angati isanakwane 12 koloko. Odwala ali m'makonde a A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi, ma ambulansi ali pamzere panja. Chikakamizo chimenecho ndi choona, ndipo nesi wamantha angathe kutseka diso limodzi. Chimene chimanditeteza ndi pepala lomwe lija. Ndimangoti mfundo yoyamba sinakwane, sanataye madzi. Palibe bwana angakangane ndi chikhodzodzo.

Mayi a Mphatso: Ine sindine wachipatala, ndimagulitsa kaunjika, koma ndinadikirirapo mng'ono wanga atamuchotsa chotupa m'chiberekero. Kwa ine funso loti asaine ndani ndi laling'ono. Ife anatitulutsa adokotala enieni, pa raundi, atazunguliridwa ndi ophunzira. Anayankhula Chingerezi okhaokha, mmodzi n'kutembenuka kuti "mayi, lero mukupita." Basi. Tinasangalala, tinamanga katundu. M'buku la kuchipatala analembamo, ndikukopera momwe zilili chifukwa bukulo ndili nalo pano: "ROS day 10, r/v 2/52." Ndani kumudzi angamve zimenezo? Tinafika kunyumba, apongozi ake anati bala lisakhudze madzi mpaka mwezi, ena anati tipakepo mankhwala achikuda kuti liume msanga. Tsiku lachisanu ndi chimodzi bala linafiira, kutupa, kenako mafinya ndi fungo. Tinadikira masiku ena awiri poganiza kuti ndi mmene limapolera. Pobwerera anatikalipira kuti munali kuti. Anakhalanso milungu itatu, bala lotsekula, kutsukidwa tsiku ndi tsiku.

Amene anadzatikhazika pansi ulendo wachiwiriwo anali nesi wina wachikulire. Anatenga mphindi mwina 10. Anati ukaona izi ndi izi usadikire kuti kuche. Akanatiuza poyamba paja, milungu itatu ija sikanatayika. Ndiye ngati kutulutsa kwa nesi kukutanthauza kuti wina akhala nane pansi n'kundiuza m'Chichewa, ine ndavota kale.

Gogo Metironi: Mayi a Mphatso, mwanena zimene ndinkafuna kunena ine. ROS ndiye kuti kuchotsa ulusi, tsiku la 10. Enawo akuti mubwerenso kudzaonedwa pakatha milungu iwiri. Bala la opaleshoni likhoza kuyamba mafinya ngakhale patapita milungu, n'chifukwa chake owerengera matendawa amawerenga mpaka masiku 30. Ambiri amayamba ali kunyumba kale. Choncho gadiyani ndiye nesi wa masiku otsalawo, ndipo timamutumiza osamuphunzitsa kanthu.

Kilinikala wa pa Boma: Apa ndagwidwa, "r/v 2/52" ndimalemba ineyo tsiku lililonse. Koma ndiwonjezere mbali ina. Mfundo za ku England sizingakoperedwe momwe zilili. Wodwala wa a NaJere akatuluka ali ndi foni ya wodi, ali ndi manambala oimbira chithandizo a 111 ndi 999, msewu wa tara mpaka pakhomo. Wanga akwera minibasi maola awiri, atsike akwere kabaza, mwinanso awoloke mtsinje umene m'dzinja sawolokeka. Munthu wobayidwa jakisoni wa pamsana mkodzo ukhoza kumutsekera, ndipo ukamutsekera usiku ali kumudzi ndi nkhani ina. Nthawi zina ndimasunga munthu tsiku limodzi lowonjezera osati chifukwa cha bala koma chifukwa cha kumene akupita. Ndiye pepala lathu liyenera kufunsanso: kwanu n'kuti, mukwera chiyani, ndalama yobwererera mwadzidzidzi ilipo, helefu senta yapafupi ndi iti ndipo ulusi angakachotse kumeneko? Zimenezi amazidziwa bwino ndi nesi kuposa ine, chifukwa agadiyani amamasuka ndi iye.

NaJere ku England: Zoona. Ngakhale kuno timafunsa za kunyumba. Amene wagonetsedwa tulo pa opaleshoni ya tsiku limodzi sapita yekha, pafunika munthu wamkulu womutenga ndi kukhala naye maola 24, ndipo sayendetsa galimoto. Agogo ambiri kuno amakhala okhaokha, moti wina amachira koma n'kukhala milungu m'chipatala podikira omusamalira kunyumba. Kumudzi vuto limenelo n'lochepa, gadiyani ali pompo pansi pa bedi. Aliyense ali ndi minga yake.

Wa ku Famasi: Mwaiwala ife. Mwamutulutsa Loweruka masana, windo lathu latsekedwa, mankhwala akatenga kuti? Adzapita ndi Panado wa m'kabati ya wodi ngati alipo, kapena adzauzidwa kuti mukagule. Ngati mukufuna zoterezi, mankhwala alembedwe Lachisanu pa raundi, ife tipakire, akhale m'kabati ya a sisita ndi dzina la mwini wake. Si zovuta. Chovuta n'choti palibe amene amatiuza.

Nesi wa Usiku: Ndiye tawerengani zimene zatuluka apa. Kilinikala alembe mfundo Lachisanu. A famasi apakire Lachisanu. Ine ndiyeze kawiri kapena katatu, ndione bala, ndifunse za msewu, ndikhale pansi ndi gadiyani mphindi 10 za Mayi a Mphatso, ndilembe m'buku, ndisaine. Kwa munthu mmodzi ndi theka la ola. Akakhala asanu ndi maola awiri ndi theka, ndipo jakisoni wa 12 koloko sadikira. Sindikukana kuti n'zabwino. Odwala asanu akachoka Loweruka, usiku wanga umapepuka, ogona pansi amakwera pabedi. Ndikungoti asadzabwere ndi fomu yatsopano n'kuiponya patebulo ngati mmene amachitira ndi mafomu ena onse, kenako workshop ku nyanja kupita mabwana amene sagwira bala.

Gogo Metironi: Hahaha za ku nyanjazo usayambe, tingafike mawa.

Wophunzira Chaka Chachitatu: Funso laling'ono. Kodi angasaine ndi registered nurse (RN) yekha, kapena ndi NMT yemwe, Nurse Midwife Technician wa maphunziro otsikirapo uja? Chifukwa kumene ndinali pa practical, wodi yonse ya abambo inali ndi RN mmodzi, in-charge (mkulu wa wodi), ndipo Loweruka sagwira.

Gogo Metironi: Si laling'ono limenelo mwanawe, ndiye fupa lake. Amene anyamula mawodi a m'maboma ndi ma NMT. Ukati RN yekha, ndondomeko yafa isanabadwe. Ukati aliyense, waika mwana wa miyezi itatu pantchito pamoto. Ine ndikanati ayesedwe munthu payekha: zaka zingati mu wodi ya opaleshoni, watulutsa angati pamaso pa in-charge, ndipo dzina lake lilembedwe. Ndinagwirapo ndi ma NMT amene ankadziwa bala loipa pongolinunkhiza ali pakhomo. Koma zimenezo aweruze ndi a Council ndi unduna, osati gogo wa pa WhatsApp.

Bambo a Tadala: Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti funso langa lifika ku England. Mayi a Mphatso mwandichititsa kutsekula buku la malume. Mwalembedwa "ROS day 7 at H/C" ndi mawu ena osawerengeka. Palibe amene watiuza kanthu, tinangopatsidwa buku ndi timapilisi. Ndiye malume akuti Lachinayi akufuna apalase njinga kupita kudimba, tomato wawo akuuma. Ndiwauze chiyani?

Kilinikala wa pa Boma: Njinga ayi, khasu ayi, kutunga madzi ndi keni ayi. Kuyenda pang'onopang'ono pakhomo ayende, n'kwabwino kumene. Zolemetsa adikire milungu 4 mpaka 6, ndipo akakaonedwa afunse amene anawachita opaleshoniyo. Ulusi akachotse pa helefu senta tsiku la 7 kuwerengera kuchokera tsiku la opaleshoni, ndiye kuti Lachinayi lomwelo akufuna kupita kudimbalo. Asadzimbidwe, adye masamba ndi zipatso, amwe madzi. Bala likafiira, kutupa, kutuluka mafinya, thupi likatentha, akamasanza, mimba ikatupa kapena mkodzo ukakana, musadikire tsiku la ulusi, bwererani kuchipatala. Tomatoyo atumeni adzukulu.

Bambo a Tadala: Mdzukulu wake ndine ndemwe, ndiye mwandipezera ntchito.

Kilinikala wa pa Boma: Lachinayi lino ndili ndi ma henia atatu pa list. Ndikambirana ndi in-charge wathu ndi a DMO, dokotala wamkulu wa chipatala cha boma, akalola ndiyesa kulemba mfundozo m'fayilo Lachisanu m'malo mwa "if stable", ndi nambala yanga pansi pake kuti wokayika aimbe. A ku Famasi, ndidzauzanso anzanu a kuno.

Nesi wa Usiku: Mudzalembe zowerengeka. Zilembo zanu zija ngati nkhuku yapalasa pamchenga, mfundo yachitatu tidzaiyesa dzina la mankhwala.